Kudzazitsa fomu ya ku yunivesite m'makafe a pa Kamuzu Road: zala n'zachangu, koma uphungu ngwochepa

Bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a ukachenjede, likangolengeza kuti layamba kulandira mafomu a ofuna malo m'mayunivesite a boma, makafe a intaneti ndi timashopu tofotokopa ta pa Kamuzu Road kuno ku Salima timadzaza ndi ana amene angomaliza Folomu 4, aliyense envulopu m'manja. Chimene amalipira n'choti wina awasikanire mapepala, awatsegulire akaunti ndi kuwadzazira fomu. Pa ntchito imeneyi anyamata a m'makafewa sitiwadandaula. Chithunzi chikakana kulowa chifukwa chakula amadziwa kuchichepetsa, ndipo kwa mwana wochokera ku Khombedza kapena ku Chipoka amene sanagwirepo kompyuta, thandizo lawo ndi lenileni.

Kafe yabwino muidziwa msanga. Imakhala ndi sola kapena jenereta, kuti magetsi akazima fomu isathere panjira. Imakusindikizirani zimene yalemba kuti muwerenge musanatumize. Ndipo imalemba nambala ya foni ndi imelo ya mwanayo, osati ya mwini kafe. Apa ndi pamene ambiri amagwa: wodzaza fomu, pofuna kufulumira, amagwiritsa ntchito imelo yake kwa ana onse, ndiye uthenga uliwonse wobwera pambuyo pake umafikira iye. Pasiwedi ilembedwe m'kope la mwanayo asanadzuke pampando. Dzina lifanane chilembo ndi chilembo ndi la pa zotsatira za MANEB, nambala ya mayeso iwerengedwe mokweza kawiri, ndipo risiti ya malipiro ijambulidwe pa foni.

Vuto limayamba akafika pa mzere wa zisankho. Funso limakhala limodzi: "Aise, wakhoza ndi mapointi angati?" Akamva kuti ndi ochepa, amakhoma udokotala, zamalamulo ndi akaunti, basi zatha. Koma mapointi ndi kungowonkhetsa magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi. Yunivesite imafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, kenako pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Mwana wa mapointi 14 amene wawakolola pa Chichewa, Jogalafe ndi Baibulo, Masamu n'kupeza 6, akalemba uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre wataya mzere umodzi pachabe. Za umoyo ku yunivesite ya KUHeS zimayang'ana Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Zonsezi zimalembedwa mu chilengezo cha NCHE, koma m'kafe modzaza anthu palibe amene amakhala pansi kuchiwerenga.

Ndipo palibe amene amamufunsa mwanayo chimene akufuna. Funsoli si lachibwana, ndi la ndalama. Malo ogona pa sukulu ndi ochepa, choncho ambiri amachita lendi kunja, ku Chikanda kwa a ku UNIMA ku Zomba, ku Luwinga kwa a ku Mzuzu University. Banja la ku Salima likhoza kutumiza thumba la ufa kapena la mpunga ku Bunda, kumene kuli yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, pa minibasi ya ku Lilongwe m'mawa, n'kufika tsiku lomwelo. Kutumiza ku MUST ku Thyolo ndi nkhani ina, ndipo thiransipoti yake pa holide iliyonse imaluma. Ngongole ya boma ya ophunzira ilipo, koma imapemphedwa payokha, si onse amaipeza, ndipo ndi yobweza. Nyengonso muiganizire. Mwana wokulira m'kutentha kwa kunyanja, makamaka wa chifuwa cha mphumu, azidziwiratu kuti Mzuzu ndi kozizira ndiponso kwa mvula yambiri.

Chimene chimatidabwitsa n'chakuti maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kuno ndi amene amaiwalika. Za ulimi wa nsomba zimaphunzitsidwa ku LUANAR ndi ku Mzuzu University. Za kukopa alendo zili ku Mzuzu, pamene mahotela ali pakhomo pathu pa Senga Bay. Za ulimi wothirira zili ku Bunda, pamene nzimbe zadzaza ku Dwangwa ndi kuno ku Salima, mpunga uli ku Lifuwu. Mwana amene mtima wake uli kumeneko aike zimenezi pamwamba. Asachite manyazi kuti anzake alemba udokotala.

Makafe ambiri amangodziwa fomu ya mayunivesite asanu ndi imodzi a boma, poti ndiyo imabweretsa chinamtindi cha makasitomala. Satchula kuti Salima Technical College ili pa Senga Bay pompa, ndipo makoleji a ntchito zamanja amalembetsa kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro amenewa. Satchula makoleji a unamwino a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga wa ku Nkhoma, kapena a uphunzitsi monga Kasungu TTC, amene zilengezo zawo zimatuluka pa nthawi yawoyawo. Choipa kwambiri ndi timapepala ta makoleji oyima paokha tomatidwa pakhoma. Ena ndi abwino ndithu, koma musanalipire tambala, onani ngati kolejiyo ndi pulogalamu yeniyeniyo zili pa mndandanda wa zovomerezeka wa NCHE. Ngati ndi za unamwino, funsaninso ngati bungwe la anamwino ndi azamba limailola, chifukwa popanda kulembetsedwa kumeneko satifiketiyo siikulowetsani m'chipatala.

Choncho ku kafe pitani mutasankha kale. Chilengezo chisindikizeni tsiku loyamba, mupite nacho kunyumba, mukhale nacho pansi ndi makolo komanso aphunzitsi amene akudziwa magiredi a mwanayo. Pamwamba paikidwe chimene akuchifunitsitsa ndipo akukwanira, pakati zofanana nacho m'mayunivesite ena, pansi pulogalamu imene magiredi ake akuposa zofunika koma angaiphunzire osanyinyirika. Wodzaza fomu akanena kuti "iyi siidya, tiike ina", mumuuze kuti alembe zimene zili papepalapo. Sabata yomaliza muipewe, chifukwa mzere umafika panja ndipo wodzazayo sakhalanso ndi mpata wokusindikizirani fomu kuti muiwerenge.