Tokmach ya pa kalesitilanti ka pafupi ndi nyanja ya Kaban

Anandilondolera malowa ndi mnzanga wa m'kalasi, wa mtundu wa Tatar, atatopa n'kundimva ndikudandaula kuti chakudya cha kuno ku Kazan, m'dziko la Russia, sichikhala m'mimba. Ndi kalesitilanti kakang'ono ka kudera lakale la anthu a mtunduwu, kufupi ndi nyanja ya Kaban, ukangodutsa mzikiti wa Marjani. Eniake malo otere amawatcha ashkhana. Matebulo ndi ochepa, umadzitengera wekha thireyi, ndipo nyama yonse ndi ya halal, poti ambiri mwa anthuwa ndi Asilamu.

Tokmach mukaiona mutha kuinyoza. Ndi msuzi wa nkhuku woyera mbee, woti pansi pa mbale pamaoneka, muli timaluzi ta ufa wa tirigu, tikaroti ndi anyezi pang'ono. Tomato mulibe, tsabola wa kambuzi musamuyembekeze. Ine ndinayamba ndafunsa mnzanga uja ngati ndiwo zenizeni zikubwera pambuyo.

Nkhani yagona pa timaluzito. Khitchini yawo ili ndi kazenera, ndiye ndinaima nthawi ndithu kuonerera mayi wina wachikulire akugwira ntchito. Amakanda ufa ndi mazira ndi mchere mpaka ulimbe, n'kuupsatitsa ndi mpini kufikira upyapyale ngati pepala. Akatero amauyanika pang'ono patebulo kuti usamatane, kenako amaupinda n'kuyamba kudula. Mpeni umangoti tsetsetse, maso ali kwina, akucheza ndi mnzake. Zimene zimagwa pansi pa mpeniwo n'zowonda kuposa mmene agogo anga ankadulira chinangwa chamasamba kapena nkhwani. Mnzanga akuti kale mkamwini wamkazi, mtengwa, ankamuyesa pomupatsa mpeni womwewu: akadula zonenepa ndiye kuti kwawo sanamulange. Ndinaseka, chifukwa ndi mlandu womwe uja wa nsima ya mibulu.

Akaponya mu msuzi wowira sizitenga mphindi zambiri. M'kamwa timaluzito timaterera koma tili ndi kakulimba kake, ndipo msuziwo umakoma nkhuku yeniyeni, ngati yachikuda yophika mosathamanga. Kunja kunali chisanu chofika pa madigiri -20, zala zitauma, koma nditafika pakati pa mbale ndinavula jekete.

Mayiyo amamuitana kuti "apa", mawu aulemu kwa mzimayi wamkulu m'chinenero chawo. Tsiku loyamba ndinkangotembenuka kuyang'ana kuti akuloza pati.

Komabe munthu wokulira nsima mbale imodzi singamukwane. Onjezerani echpochmak, chitumbuwa cha makona atatu chokhala ngati samusa yaikulu, koma chootcha mu uvuni, m'kati muli nyama, mbatatesi ndi anyezi. Ena amathira m'msuzimo supuni ya katyk, mkaka wosasa wofanana ndi chambiko. Ndinayesa kamodzi, sindinabwerezenso. Tiyi wamkaka ndi chak-chak, timandasi tating'ono tomatidwa ndi uchi, n'zabwino koma mungazipeze pena paliponse mumzinda muno.

Chondikwiyitsa chinachitika ulendo wachitatu. Ndinafika madzulo nditachoka ku laibulale, ndipo anandipatsa zotsalira za masana. Timaluzi tinali titamwa msuzi wonse n'kutupa, tangokhala phala. Nditadandaula ndi Chirasha changa chothyokathyoka, mtsikana wa pakauntala anangokweza mapewa, ndalama n'kulandira yonse. Chimbudzi chawonso ndi chimodzi, ndipo nthawi ya nkhomaliro pamakhala mzere.

Mtengo ndi wa mwana wa sukulu: msuzi, echpochmak ndi tiyi pamodzi sizifika pa zimene ndinalipirapo mbale imodzi m'malo a alendo a mumsewu wa Bauman. Mukafuna kupita, fikani nthawi ya nkhomaliro isanapitirire, ndipo musanaitanitse suzumirani pakazenera muone ngati apa ali ndi mpeni m'manja.