Ma CD awiri a Alma Cogan: yambani ndi yachiwiri

Masabata atatu apitawo ndinalandira kabokosi ka ma CD awiri a nyimbo za Alma Cogan, woimba wamkazi wa ku Britain, komwe ndinaitanitsa pa intaneti, ndipo chifikireni sindinamverenso china. Poyamba ndinkangodziwa nyimbo yake imodzi, Dreamboat, imene inafika pa nambala 1 ku Britain mu 1955. Ndinagula ndikuganiza kuti ndipeza tinyimbo tosangalatsa toti tizilira ndikamatsuka mbale. Timeneto tilimodi, koma si tomwe tandigwira mtima.

CD yoyamba ndi ya Alma wa zaka za m'ma 1950, nthawi imene ankajambula kukampani yojambula nyimbo ya HMV. Anthu a ku Britain ankamudziwa ngati mtsikana wokhala ndi kaphwete m'mawu, chifukwa poimba mawu ake amaduka pang'ono ngati munthu amene akudziletsa kuseka. Mverani Bell Bottom Blues ya mu 1954, nyimbo yomwe inamutchukitsa, mumva zimene ndikunenazi. Kaphweteko si kochita kupanga, kakuchokera pansi pa mtima, ndipo kamakukoka kuti nawenso umwetulire. Komabe ndinene chilungamo: nyimbo zoterezi zikatsatizana zambiri, khutu limatopa. Zina ndi zachibwana, zolembedwa kuti zingoseketsa anthu pa wailesi. Phokoso la zojambula zakalezo aliyeretsa bwino, mawu ake akumveka pafupi, ngakhale malipenga pena akubaya m'khutu mukakweza kwambiri.

Ndalama zanga zinabwerera pa CD yachiwiri. Pofika zaka za m'ma 1960, Alma anali atasamukira kukampani ina yojambula nyimbo ya Columbia, achinyamata a ku Britain atatembenukira ku magitala, ndipo iye ankaoneka ngati woimba wa makolo awo. Chonsecho anali asanakwane ngakhale zaka 30 pamene ankamuyesa wakale! M'nyimbo za nthawi imeneyi mawu ake atsika, alemera, sakuthamanganso. Anatenga Eight Days a Week ya Beatles, nyimbo yodumphadumpha ija, n'kuiyamba modekha ngati munthu amene akudandaulira wokondedwa wake usiku anthu onse atagona. Nditaimva koyamba ndinasiya zomwe ndinkachita, ndinakhala pansi, n'kuibwereza kanayi. Ndinali ndisanazindikirepo kuti m'mawu a nyimboyo muli kuchonderera kotere mpaka ataiimba iyeyu.

Ndipo anyamata a Beatles sanali alendo kwa iye. Kunyumba kwake ku Kensington, mumzinda wa London, komwe ankakhala ndi mayi ake, kunkadzaza alendo mpaka mbandakucha, oimba ndi ochita mafilimu, ndipo John Lennon ndi Paul McCartney ankafikako kawirikawiri. Izi zimandiuza zambiri za mtima wake. Woimba wina akanawachitira nsanje ana amene amulanda malo, koma iye anawatsegulira chitseko, kenako n'kuimba nyimbo zawo. Kwawo atamuiwala pang'ono, anthu a ku Sweden ndi ku Japan ankagulabe nyimbo zake mwaunyinji.

Chomwe chandikhumudwitsa ndi kabuku ka m'kati. Ndi kopyapyala zedi, ndipo zilembo zake n'zazing'ono moti ndinachita kuyatsa tochi ya pafoni kuti ndiwerenge. Sikanena chaka chomwe nyimbo iliyonse inajambulidwa, pomwe kwa woimba ngati ameneyu zaka ndiye nkhani yonse. Zithunzi nazo ndi zochepa, komanso zambiri zangoonetsa nkhope. Munthu angalongedze bwanji nyimbo za Alma Cogan popanda madiresi ake? Mayiyu ankadzijambulira yekha maonekedwe a zovala zake, madiresi akuluakulu otambasuka ngati ambulera, onyezimira, ndipo anthu ankadikira pa wailesi ya kanema kuti aone kuti lero wavala chiyani. M'dziko limene linali litangochoka m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, shuga ndi nyama zikugulidwa pa mlingo woikidwa ndi boma mpaka cha m'ma 1953 ndi 1954, mtsikana wovala chonchi, akuimba moseka, anali ngati dzuwa lotuluka pambuyo pa mvula ya masiku ambiri. Kabukuka sikakuthandizani kuona zimenezi. Pulasitiki ya kabokosi nayonso inafika itasweka pakona, koma ma CD alibe chilema.

Alma anabadwira ku Whitechapel, kum'mawa kwa London, mu 1932, m'banja la Chiyuda, ndipo anamwalira ndi khansa mu Okutobala 1966 ali ndi zaka 34 zokha. Ndikamamvera nyimbo zomaliza pa CD yachiwiri chimandipweteka n'chakuti anali atangoyamba kupeza mawu ake enieni. Ndimadzifunsa kuti akanaimba bwanji atafika zaka 50, mawu aja atakhwima kwambiri.

Kodi mugule? Ee, gulani, makamaka ngati mumakonda oimba amene liwu lililonse limamveka bwinobwino, kumbuyo kwawo kuli gulu lalikulu la zoimbira. Koma musatsate ndondomeko ya pakabokosi. Yambani ndi CD yachiwiri, madzulo, pakakhala bata. Yoyambayo isungireni m'mawa wa Loweruka. Ine pano yachiwiriyo sinatulukebe m'makina, ndipo usiku uno ndiyambanso ndi nyimbo ya Beatles ija.