BRG1 ya mu E. coli, ya mu Sf9 kapena BAF yathunthu: mugule iti?

Mukamasaka puloteni ya SMARCA4, imene ambiri timangoti BRG1, mupeza timabotolo ta dzina limodzi koma mitengo yotalikirana kwambiri. Chimasiyanitsa mitengoyo ndi maselo amene anapangiramo puloteniyo, komanso ngati ili yonse kapena kachidutswa chabe. Ntchito ya BRG1 mu selo ndi kudya ATP, yomwe ili ngati mafuta a selo, n'kumakankha nucleosome, kampira ka mapuloteni otchedwa histone kokulungidwa ndi ma base pair 147 a DNA, kuti jini itseguke. M'selomo siigwira ntchito yokha, ili m'gulu (complex) la mapuloteni lotchedwa BAF kapena SWI/SNF. Ndiye musanalipire dzifunseni ngati mukufuna puloteni yokankhadi nucleosome kapena yongogwira chinthu.

Yopangidwa mu bakiteriya wa E. coli ndiyo yotchipa ndipo imapezeka yochuluka. Koma werengani bwino pepala lake. BRG1 yathunthu ili ndi ma amino acid 1647, ndipo bakiteriya amavutika nayo: imatuluka yoduka kapena youndana. N'chifukwa chake zambiri zogulitsidwa za mu E. coli ndi bromodomain yokha, kachigawo kamene kamagwira histone yokhala ndi kachizindikiro ka acetyl. Ngati mukuyesa mankhwala omata pa bromodomain, kapena mukupanga ma crystal, kachidutswako n'kokwanira, musawononge ndalama. Ku ATPase assay, komwe ndi kuyesa mmene puloteni ikudyera ATP, sikangakuthandizeni chilichonse, chifukwa mbali yodya ATP mulibemo. Zopangidwa mu wheat germ zokhala ndi GST tag, kachidutswa komatidwa pa puloteni kuti athe kuitsuka, nazo muzizione chimodzimodzi. Zimathandiza poyesa antibody pa western blot, koma kawirikawiri wogulitsa sanena kuti zimakankha nucleosome.

Ya mu Sf9 ndi imene ine ndimalimbikitsa anthu ambiri kuyambira. Maselo amenewa anachokera ku Spodoptera frugiperda, mbozi yomwe ija ya ntchemberezandonda yowononga chimanga m'minda. Amakula pa 27°C osafuna CO2, ndipo mukawapatsa baculovirus, kachirombo konyamula jini ya BRG1, amatulutsa BRG1 yathunthu yopindika bwino. Njirayi ndi yakale ndithu. Mu 1999 gulu la Robert Kingston ku Boston linaonetsa kuti BRG1 yopangidwa motere imatha kusuntha nucleosome payokha, ndipo mukaiphatikiza ndi ziwalo zina za BAF, zomwe ndi INI1, BAF155 ndi BAF170, mphamvu yake imayandikira ya complex yonse. 

BRG1 ya mu Sf9 imagwiranso ntchito poyesa mankhwala. Cha m'ma 2013 ndi 2014 zinadziwika kuti maselo a khansa amene anataya SMARCA4 amadalira m'bale wake SMARCA2, yemwe ndi BRM. Wofuna mankhwala otseka BRM osakhudza BRG1 amafunika mapuloteni onse awiri. Agulidwe kwa wogulitsa mmodzi, a tag imodzi, opangidwa m'maselo amodzi. Mukatenga BRM ya His tag kuno ndi BRG1 ya FLAG tag uko, simudzadziwa ngati kusiyana kwa manambala kwachokera ku mankhwala kapena ku katsukidwe ka puloteni.

Vuto la Sf9 ndi zinyalala zotsala. Maselo a mboziwa ali ndi ma ATPase awoawo, mapuloteni ena odyanso ATP, ndipo pang'ono chabe potsalira mu chubu pamakwanira kukupatsani chizindikiro chabodza. Funsani wogulitsa ngati ali ndi K785R, BRG1 yosinthidwa imene siitha kudya ATP. Ikaonetsa mphamvu pafupifupi ngati yabwinobwino, zimene mukuyesazo si BRG1. Onaninso gel yawo: mzere waukulu ukhale chapamwamba, cha pa 190 kDa, osati timizere tambiri totsetsereka pansi. Wogulitsa akangoonetsa gel ya SDS-PAGE imeneyi popanda umboni wa mphamvu pa nucleosome, monga yopangidwa ndi DNA yoyesera yotchedwa Widom 601, mulembereni kaye.

Tsono BAF yathunthu ya mu HEK293, omwe ndi maselo a munthu oleredwa mu labu. Iyi ndi yodula, imapezeka yochepa, ndipo ma labu ambiri amadzipangira okha. Komabe pali mafunso amene BRG1 yokha singayankhe. BRG1 payokha ili ngati injini yochotsedwa m'galimoto: imalira, koma siikuuzani za chiwongolero. Cigall Kadoch ndi Gerald Crabtree anawerengera mu 2013 kuti pafupifupi 20 peresenti ya khansa za anthu zili ndi jini ya BAF yowonongeka, ndipo nthawi zambiri yowonongekayo si BRG1. Mu rhabdoid tumour ya ana ndi SMARCB1, yomwe ija ya INI1, monga anapezera ku Institut Curie ku Paris mu 1998. Mu clear cell carcinoma ya thumba la mazira ndi ARID1A, pafupifupi theka la odwala. Mu synovial sarcoma, chiwalo cha BAF chotchedwa SS18 chimalumikizana ndi puloteni ina yotchedwa SSX. Wofufuza zimenezi alibe kuchitira mwina, afunika complex yokhala ndi ziwalo zake, ina yabwino ndi ina yosowa chiwalocho, kuti ayerekeze. Afunsenso kuti ndi complex iti, pakuti zilipo zitatu: cBAF, PBAF ndi ncBAF. ARID1A imapezeka mu cBAF yokha, ndipo ncBAF ilibe SMARCB1 n'komwe. Chubu cholembedwa kuti SWI/SNF basi, osatchula ziwalo, ine sindingachikhulupirire.

Pa kayendedwe, bromodomain ya mu E. coli imapirira. BRG1 yathunthu ndi BAF zimabwera pa dry ice ndipo zimasungidwa pa -80°C. Katundu akachedwa pa kasitomu mpaka dry ice kutha, muyeseni mphamvu musanayambe ntchito yaikulu. Mukangosungunula koyamba, gawani mu timachubu ting'onoting'ono toti kalikonse katsegulidwe kamodzi, chifukwa kuumitsa ndi kusungunula mobwereza kumapha mphamvu ya ATPase ngakhale mzere wa pa gel ukuonekabe bwino.