Chithunzi cha zigamba chija patatha chaka ndi hafu, dzuwa lake linandiliza

Mnzanga wa ku Nchalo anandifunsa sabata yatha kuti kodi nsalu ya pabalaza ija ilipobe, eti naye akufuna kusoketsa ina ikakhale mphatso pa ukwati wa mng'ono wake. Ndinayamba kumuyankha pa WhatsApp koma nkhani yake inatalika ndiye ndati bola ndingolemba zonse kamodzi. Komanso dzulo lomweli ndi pamene ndamaliza kulipira ndalama yokonzetsa, mtima udakali m'mwamba pang'ono, mundikhululukire ndikamalumpha apa ndi apo.

Ndinagula mu Okutobala 2023 kwa mayi wina wosoka amene amakhala ku Blantyre koma kwawo ndi kuchigwa kwathu konkuno, ku Nsanje. Iwo amaitchula kuti art quilt, ife kunyumba timangoti chithunzi cha zigamba. Si chofunda ayi, kuno ku Ngabu munthu ufunde chani, Okutobala olo chitenje chimalemera pathupi. Ndi chopachika pakhoma, mita imodzi ndi hafu m'litali, mita imodzi m'lifupi. Pali Shire chakumadzulo, msodzi ali chiimire m'bwato, mabango, akakowa atatu oyera, migwalangwa cha patali, ndi dzuwa lofiira psuu likulowa. Palibe penti olo dontho, zonse ndi tizidutswa ta zitenje ndi nsalu zina. Mtengo unali K165,000, ndinalipira katatu pafoni, ndipo bambo a kunyumba mpaka lero amaiwerengera m'mbuzi.

Zomwe zili bwino ndinene mwachidule. Msoko sunamasuke pena paliponse. M'mphepete mwake anapinda bwino, simunanyenyeke. Kumbuyo anasokerako kathumba katali kolowetsamo nsungwi ndiye chimalendewera molunjika osachiboola ndi misomali. Fumbi la kuno mukulidziwa, ndimangochitsitsa kamodzi pa mwezi nkupukuta ndi burashi yofewa basi. Chiswe sichinafikepo chifukwa anandiuza kuti chisagunde khoma, ndinatero.

Chomwe ndimakonda kwambiri ndi madzi. Quilt imakhala ndi nsalu zitatu, chithunzi pamwamba, thonje lopyapyala pakati, nsalu wamba kumbuyo, ndiye ulusi umadutsa zonse zitatuzo nkuzimanga pamodzi. Pa mtsinjepo mayiwa anasoka ndi manja timizere tokhotakhota, pena tothinana pena totalikirana, ndiye thonje lija limatukuka pakati pa mizere. Kuwala kukabwera cham'mbali mumachita kuona mafunde. Pa foni sizioneka zimenezi, ndayesa kujambula kambirimbiri zimangotuluka ngati kalendala.

Tsopano vuto. Dzuwa lofiira lija limatuluka utoto.

Chizindikiro ndinachiona kale koma ndinachinyozera. Tsiku lina mwana anagwirapo ndi manja a mango, ine nkupukuta ndi kansalu konyowa, kansalu kaja nkusanduka kapinki. Ndinangoti aaa zazing'ono izi. Denga lathu lakhala losakhulupirika chidutsire Freddy mu Malichi 2023, malata ena anasuntha, koma dzinja loyamba lija mvula inavuta chifukwa cha El Niño ndiye kudontha sikunadziwike kwenikweni. Mu Januwale 2025 kunagwa chimvula cha mphepo usiku, madzi anatsetsereka ndi khoma, kudutsa pa nsungwi, kulunjika pa dzuwa penipeni ngati anachita kutumidwa. Kudzuka m'mawa ndinapeza kumwamba konse kwa chithunzi kwayenda zofiira, akakowa awiri asanduka ngati aviikidwa mu Sobo wa cherry plum. Ndinakhala pansi abale. Ana anaganiza kuti kwabwera uthenga wa maliro.

Apa ndivomere, ndinaonjezera ndekha moto. Ndinathamangira nacho m'beseni, sopo wa ufa, kufikisa, nkuyanika padzuwa la Ngabu. Kufiira kuja kunafalikira mpaka pa bwato, thonje la mkati linakwinyika, ngodya ya kumunsi inapindika ngati chikopa cha mbuzi chouma. Apongozi anga ataona anangoti "mayi, paja ndinanena kuti zigamba ndi zigamba basi." Iwo chiyambire sanamvetse kuti munthu angalipire ndalama zonsezo pa zigamba, chifukwa nthawi yawo chigamba chinali chizindikiro cha umphawi, umachibisa kuti anthu asaone kutchalitchi.

Ndinawatumizira mayi aja zithunzi ndi mau aukali ndithu. Yankho loyamba linandikwiyitsa kwambiri, anangoti "asisi, paja ndinakuuzani kuti musamachape." Zoona anandiuza, sindikana. Koma ine funso langa linali lakuti nanga utoto unayamba kuyenda ndisanachape bwanji, madzi a mvula ndi sopo? Tinakokana masiku atatu, iwo mbali yawo ine mbali yanga, mpaka usiku wina anandiimbira okha nkuulula kuti nsalu zonse amayamba aziviika m'madzi kangapo mpaka madzi atuluke oyera ndi pamene amadula, koma yofiira ija anaigula komaliza ndipo sanaiviike chifukwa ine ndimawathamangitsa kuti chifike alendo a chinkhoswe asanabwere. Ndiye mlandu unakhala wa tonse, koma ine ndimaonabe kuti wawo ndi waukulupo. Wodziwa ntchito ndi iwo, akanangondiuza kuti dikirani masiku awiri.

Pa ndalama ndi pamene tinavutana zenizeni. Anati kukonza K70,000. Ndinafunsa kuti ndilipire bwanji pafupifupi theka la mtengo pa cholakwa chomwe avomera okha, iwo nkuyamba kundiwerengera za kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patangopita milungu yochepa ine nditagula, kuti ulusi, zitenje, thonje la mkati lija zonse zinakwera ndipo sizinatsikenso. Anati dzuwa akonza ulere popeza ndi vuto lawo, koma zomwe ndinaononga ndi beseni langa ndilipire. Tinagwirizana K40,000, thiransipoti yanga.

Ndinapita nacho ndekha, sindikanapatsira kondakitala. Minibasi kudutsa Nchalo, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu, kukwera zikhotakhota za pa Thabwa ndili nacho pamiyendo ngati mwana wodwala, ndipo ndinali nditakonzeka kale mau oti ndikawalankhule. Koma nditalowa m'chipinda chawo chosokeramo mkwiyo unaphwa pang'ono. Kachipinda kakang'ono, makina amodzi opalasa ndi phazi, timabokosi ta zidutswa tosanjidwa potengera mtundu, zobiriwira zokhazokha mwina mitundu 20. Pakhoma anabayapo ndi mapini nkhope ya gogo wina yomwe amasoka nthawi imeneyo, tsaya lokha linali ndi tizidutswa toposa khumi, ndipo ndili pompo anachotsa kamodzi nkuikapo kena katatu konse asanakhutire. Anandiuza kuti changa chinawatengera milungu 7. Ndinawerengera mumtima, K165,000 kuchotsapo nsalu ndi ulusi, kugawa pa milungu 7, ndinachita manyazi pang'ono ndi m'mene ndinanenerera mtengo tsiku loyamba lija.

Tikumwa tiyi anayamba kundionetsa pa foni anthu amene iwo amawasirira. Woyamba Billie Zangewa, ine sindimamudziwa nkomwe, chonsecho anabadwira mu Blantyre momwemo mu 1973, pano amakhala ku Johannesburg. Amasoka ndi manja zithunzi za tizidutswa ta silika, zambiri za moyo wa tsiku ndi tsiku wa mzimayi pakhomo, ali kukhitchini, ali ndi mwana wake, ndipo ntchito zake zimaonetsedwa ku Ulaya ndi ku America. Kenako Bisa Butler wa ku America amene amasoka nkhope za anthu akuda pogwiritsa ntchito nsalu zangati zitenje zathuzi, khungu lili lobiriwira pena lofiirira pena labuluu koma munthu nkumaoneka wamoyo, zake zinaonetsedwa ku myuziyamu ya Art Institute of Chicago mu 2020 ndi 2021. Koma yomwe inandigwira mtima ndi ya azimayi a ku Gee's Bend, kamudzi kokhala pa gondo la mtsinje ku Alabama, zidzukulu za akapolo amene ankalima thonje. Iwo ankangosoka zofunda ndi mathalauzi akutha a kumunda ndi masaka kuti ana asazizidwe, ndiye mu 2002 zofunda zomwezo zinakapachikidwa mu myuziyamu ku Houston kenako ku myuziyamu ya Whitney mu New York, anthu nkumaima pa mzere kuti aone. Ndinakumbuka apongozi ndi mau awo aja kkkk. Ndinakumbukanso bambo anga malemu amene moyo wawo onse analima thonje kuno ku Ngabu, ndi agogo amene ankatiuza kuti kale Amang'anja kuchigwa kuno ankapota thonje nkuomba okha nsalu za machila. Lero thonje la mkati mwa chithunzi changa mayiwa akuti amachita kuitanitsa ku South Africa. Zimenezo zinandiwawa kuposa utoto.

Ndinabwerera kunyumba nditawakhululukira ndi mtima onse. Kenako anandikwiyitsanso.

Analonjeza milungu itatu. Inakwana isanu, zii. Meseji akuwerenga koma osayankha, ukaimba akuti "mawa asisi," mawa lake osafika, pena akuti kuli maliro, pena akuti maso akuwawa sangasoke usiku. Mwina zinali zoona, koma bwanji osangonena poyamba kuti miyezi iwiri? Khoma la pabalaza linangokhala ndi misomali iwiri, aliyense wobwera nkumafunsa kuti chija mwagulitsa? Bambo a kunyumba nawo osalephera kuponyapo mau, akuti mbuzi bwenzi pano zitaswa kawiri. Chinabwera patatha milungu 9.

M'mene anakonzera ndi pamene mpaka pano maganizo anga sakukhazikika. Dzuwa analimasula lonse nkuikapo lina la nsalu yoviikidwa bwino, ndayesa ndi kansalu koyera konyowa, palibe chotuluka. Akakowa awiri anasintha. Koma kufiira komwe kunayenda kumwamba kuja anati sikungachoke popanda kuphwasula theka la chithunzi, ndiye anakusiya nkusokapo ndi manja timizere ta ulusi wa olenji ndi wachikasu motsatira m'mene utoto unayendera, mwakuti pano zikuoneka ngati kuwala kwa dzuwa kwafalikira m'mitambo. Amene sanachione poyamba amati pamenepo ndiye pokongola kwambiri. Mphunzitsi mnzanga anaima pamenepo nthawi yaitali nkumati mayiwa analiona bwino thambo la kwathu, ine ndinangoti eee osamuuza kuti ndi denga lodontha.

Koma ine ndimadziwa. Dzuwa latsopanoli lapendekera ku olenji, silikufika pa kufiira kwa loyamba lija komwe kunandikopa kuti ndigule. Kakowa wachitatu anamusiya ndi kapinki pa phiko. Ngodya ya kumunsi ija anaiongola ndi nthunzi koma siigona bwinobwino, imadzukabe pang'ono. Tsiku lomwe ndadzuka bwino ndimati chithunzichi chili ndi mbiri tsopano, ndi changachanga. Tsiku lomwe ndalama zavuta, ngati sabata ino ya fizi, ndimangoona K165,000 kuphatikiza K40,000 kuphatikiza pafupifupi K35,000 ya maulendo, K240,000 yonse ili lende pa nsungwi.

Ndiye iwe mnzanga wa ku Nchalo, ukuti akuuza K320,000 pa saizi ngati yangayi. Poona m'mene zinthu zakwerera komanso zomwe ndinaona ndi maso m'chipinda muja, sakukubera. Dzanja ali nalo mayi amene uja, zimenezo sindingawalande olo ndikwiye bwanji. Koma upereke theka lokha, linalo chikafika. Uwafunse mosapsatira ngati nsalu zofiira ndi zabuluu wakuda aziviika, ndipo polandira utenge kansalu koyera konyowa upukute pa mtundu uliwonse iwo akuona. Tsiku lomaliza alembe pa meseji, ndipo ngati ukwati uli mu Ogasiti uwauze kuti uli mu Juni. Usawathamangitse ngati ine. Kumene chikupitako uwauze asachipachike moyang'anana ndi windo chifukwa dzuwa la kuno limasulutsa nsalu msanga, ndipo beseni asaliyandikize.

Ine kugulanso? Pa K320,000 ayi, pakali pano sindingathe, ndipo milungu 9 ija sindinaiiwale. Koma nkhope ya gogo ija ndimaiganizabe, ndinawafunsa kuti ya bambo anga ali m'munda wa thonje ingakhale zingati, yaing'ono chabe. Anati anditumizira mtengo mawa. Papita masiku 6.

Chithunzi ndachisamutsira khoma la mkati, kutali ndi podontha paja. Denga silinakonzedwebe, ndalama yake ndi yomwe ndatumiza ku Blantyre dzuloyi.