Magulu a amalonda mu Lilongwe: ndi liti lomwe limabweza ndalama ndi nthawi yanu?

Munthu akangotsegula kabizinesi mu Lilongwe muno, kaya kophika makeke ku Area 49, kowotcherera zitsulo ku Biwi kapena kosoka ku Kawale, sipatha mwezi asanauzidwe kuti alowe m'gulu chifukwa malonda ndi kudziwana. Zimenezo ndi zoona ndithu, koma magulu amene anthu amanenawo ndi osiyana kwambiri. Alipo mabungwe akuluakulu okhala ndi maofesi ndi ndalama ya umembala ya pachaka, ilipo misonkhano ya m'mahotela yolowera tikiti, alipo magulu a pa WhatsApp, banki mkhonde, ndi timagulu ta anthu ochepa amene ntchito zawo zimayenderana. Ine poyeza gulu lililonse ndimafunsa chinthu chimodzi: kodi anthu ali m'menemo amagula zomwe ndimagulitsa, kapena amakumana ndi kasitomala wanga ndisanakumane naye ine? Ngati yankho ndi ayi, gululo liyenera kukhala ndi phindu lina looneka, monga mpamba kapena mtengo wotsika pooda katundu.

Tiyambe ndi akuluakulu. MCCCI, bungwe la eni mabizinesi ndi mafakitale lomwe mizu yake imafika mu 1892, likulu lake lili ku Chichiri ku Blantyre, komwe limachititsa chionetsero cha zamalonda chaka ndi chaka. Mphamvu yake ndi mawu. Boma likamakonza bajeti, kapena nkhani ya misonkho ndi kusowa kwa ndalama zakunja ikavuta, bungweli limamveka. Koma mawu amenewo amathandiza aliyense, membala ndi wosakhala membala yemwe. Chomwe mumagula ndi ndalama yanu ndi mwayi wokhala pafupi ndi makampani akuluakulu komanso kumva msanga za zionetsero ndi maulendo a zamalonda. Mwayi umenewu umakomera munthu amene katundu wake wakhwima: chiponde kapena uchi wa m'mabotolo abwino, wokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, wopangidwa mokwanira. Ukanyamula katundu ulendo wopitirira makilomita 300 kupita ku Chichiri, kulipira malo oonetsera ndi pogona, kenako mwini sitolo yaikulu n'kunena kuti akufuna mabotolo mazanamazana sabata iliyonse, iwe ukupanga makumi awiri pa tsiku m'khitchini, ndiye kuti wangokacheza.

Pafupi ndi ife ang'onoang'ono pali NASME, ya mabizinesi ang'ono ndi apakatikati, ndi NABW, ya amayi ochita malonda, yomwe Joyce Banda anayambitsa mu 1990. Amayi ali ndi mwayi winanso poti COMFWB, bungwe la amayi amalonda a m'maiko a COMESA (mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa), likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno. Mabungwe a mtundu uwu amathandiza pa maphunziro a kasungidwe ka mabuku, kapakidwe ka katundu, ndi kukulumikizani ku mapulojekiti akabwera. Choti mudziwe n'chakuti phindu lake limabwera mwa nyengo. Pulojekiti ikakhalapo kumakhala piringupiringu, ikatha kumakhala zii. Ndipo m'bungwe lililonse la anthu, wobwera kumisonkhano ndi kugwira nawo ntchito za komiti ndiye amamva nkhani poyamba. Wongolipira umembala n'kukhala kunyumba amatsala ndi risiti basi.

Apa ndionjezepo chimodzi chomwe ambiri amasokoneza. Khadi la umembala sililowa m'malo mwa mapepala. Ngati cholinga chanu ndi kugulitsa katundu ku Capital Hill kapena kunthambi za boma, chofunika ndi bizinesi yolembetsedwa, nambala ya wokhoma msonkho ya TPIN ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho ku MRA, komanso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Zimenezi zikasowa, ngakhale mutadziwana ndi holo yonse, oda simuiona.

Misonkhano ya m'mahotela ndiyo ndimaikayikira kwambiri, ngakhale ndiyo imaoneka bwino pa Facebook. Mumagula tikiti, mumavala suti, wina amayankhula za mmene anayambira ndi K5,000 mpaka kugula galimoto, mumamwa tiyi, mumajambulitsa kutsogolo kwa chinsalu cholembedwa maina a makampani, mumagawana manambala. Vuto lake ndi loti pafupifupi aliyense m'chipindamo wabwera kudzagulitsa, wodzagula palibe. Tiyerekeze kuti tikiti ndi K30,000 ndipo keke imodzi imakusiyirani K6,000 mukachotsa fulawa, mazira, shuga ndi magetsi. Ndiye kuti makeke asanu apita musanawerengere thiransipoti ndi makasitomala amene anapeza pakhomo potseka. Kodi mwa anthu munagawana nawo manambala aja, angati adzakuimbirani?

Komabe si onse amaluza. Amene amagulitsa ntchito kumaofesi, monga owerengera ndalama, osindikiza mabuku ndi zikwangwani, okonza makompyuta, ophikira misonkhano, makasitomala awo ndi omwewo ovala masutiwo, choncho oda imodzi ikhoza kubweza matikiti a chaka chonse. Musanalipire funsani kuti kukubwera ndani. Kukakhala anthu ogula katundu m'mabanki, m'mahotela ndi m'mabungwe, pitani. Kukakhala olimbikitsa anthu okhaokha, mawu otero ali mbwee pa YouTube. Achinyamata a zamakompyuta iwo ali ndi kwawo, monga mHub yomwe Rachel Sibande anayambitsa mu 2013, kumene anthu a ntchito zofanana amakumana n'kuphunzitsana. Ndipo chenjerani ndi misonkhano imene imayamba ngati yodziwana koma pothera pake akukuuzani kuti mulipire ndalama yolowera kenako mubweretse anzanu atatu kuti muyambe kulandira. Amenewo katundu wawo ndi inuyo.

Magulu a pa WhatsApp amangodya bandulo, n'chifukwa chake aliyense ali m'magulu angapo. Gulu limodzi limatha kunyamula anthu 1,024, ndipo likadzaza chotero limasanduka khoma lomatapo zithunzi: wina nsapato, wina mawigi, wina nkhuku, aliyense akuponya zake osayang'ana za mnzake. Kumeneko kugulitsa n'kwa apo ndi apo. Phindu lenileni la WhatsApp lili pa nkhani zamsangamsanga. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yooda inasintha m'masiku ochepa, ndipo amene anachedwa kumva anagulitsa katundu pamtengo woti sakanathanso kuodera wina. Gulu la anthu a malonda amodzi limakuuzani mtengo wa lero kumsika wa Kariakoo ku Tanzania, amene ali ndi malo m'thiraki yochokera ku Dar es Salaam, ndi komwe kwafika mafuta. Magulu abwino amakhala ang'ono, anthu ake amadziwana nkhope, ndipo woyang'anira sachita manyazi kuchotsa munthu. M'magulu akuluakulu aja ndi momwe mumabisala akuba a "tumizani kaye pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu akupezani pa depoti."

Banki mkhonde anthu saiwerengera pa magulu odziwana, koma kwa ambiri imagwira ntchito imeneyo kuposa hotela. Mumakumana sabata iliyonse, wochedwa amalipira chindapusa, ndipo pakatha miyezi ingapo mumadziwa amene amasunga mawu ake ndi amene amazimitsa foni tsiku lobweza likafika. Anthu amene akuona kukhulupirika kwanu pa ndalama savutika kukutchulani kwa abale awo, ndiponso iwo eni amagula kwa inu. Pamwamba pa izo pali mpamba wopanda chikole cha nyumba. Koma ngongole yake ndi yotentha. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo ena amakakamiza membala aliyense kukongola kuti ndalama zisagone m'bokosi. Kwa wogula belo la kaunjika n'kulitsiriza m'masabata awiri ku Tsoka, kapena wooda tomato ku Wakawaka, zimatheka. Kwa wofuna makina osokera kapena firiji yomwe idzabweza ndalama pang'onopang'ono, ngongole yotere imadya phindu lonse, December akamafika anzako akugawana ndalama za m'bokosi, iwe ukugulitsa katundu wa m'nyumba. Pa zotero SACCO, bungwe limene mamembala amasungako ndi kukongolako ndalama, ndi yabwinopo. Ma SACCO ali ndi mgwirizano wawo wa MUSCCO, womwe unayamba mu 1980, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Kungoti kumeneko mumapeza ndalama, makasitomala ayi.

Magulu a anthu a ntchito imodzi, monga makomiti a m'misika ndi bungwe la ochita malonda odutsa malire, ali ndi ntchito yawoyawo. Sangakupatseni kasitomala poti nonse mukulimbirana yemweyo. Amathandiza kuoda pamodzi, kugawana mtengo wa galimoto, ndi kuphunzitsana malamulo, mwachitsanzo ndondomeko ya COMESA yopeputsa mapepala kwa amalonda ang'ono odutsa pa Mchinji ndi katundu wosapitirira madola 2,000. Ndipo zinthu zikathina amakhala ndi mawu. Tinaona mu February 2025 ogulitsa kaunjika ataguba kupita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mitengo ya mabelo. Munthu mmodzi sakanamveka.

Tsopano gulu limene ine ndimaliika patsogolo, lomwe nthawi zambiri lilibe ngakhale dzina. Taganizirani za ukwati. Akomiti akapeza holo, amafunsa mwini holoyo kuti akudziwa ndani wokongoletsa. Wokongoletsa amafunsidwa za wa keke, wa keke za wojambula, wojambula za woimba nyimbo ndi woyendetsa mwambo wa perekaniperekani, telala wa madiresi amafunsidwa za wokonza tsitsi. Kasitomala ndi mmodzi, koma akudutsa m'manja mwa anthu asanu ndi atatu amene sakulimbirana chilichonse. Chimodzimodzi kumapuloti kumene anthu akumanga, ku Area 25, ku Area 49, ku Airwing: mmisiri womanga ndiye amayamba kufika, ndipo mwini nyumba amafunsa iyeyo za wowotcherera mawindo, wa mapaipi, wa magetsi, woika matailosi ndi kalipentala wa denga. Mawu a mmisiri amene wamanga kale khoma lowongoka amalemera kuposa chikwangwani chilichonse.

Zimenezi zimachitika kale mwachisawawa. Chosowa ndi kuzikonza. Bungwe la BNI, lomwe linayamba ku America mu 1985, linakula ndi malamulo osavuta: m'gulu muzikhala munthu mmodzi yekha pa ntchito iliyonse, muzikumana sabata ndi sabata, ndipo muziwerenga makasitomala amene mwatumizirana. Malamulo amenewa simufunika kulipira munthu kuti muwagwiritse ntchito. Anthu asanu kapena asanu ndi atatu, kukumana kamodzi pa masabata awiri pa shopu ya mmodzi wa inu, mosinthanasinthana kuti aliyense aone mmene mnzake amagwirira ntchito, ndi kope limodzi lolembamo kuti wakuti anatumiza kasitomala kwa wakuti, ntchito inatheka kapena ayi. Kopelo ndilo limaulula amene amangolandira osatumizako. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma woikiza yekhayekha kwa chaka chathunthu ali ndi ufulu wofunsa.

Gulu lotere lili ndi minga yake, ndipo ndi yakuthwa. Dzina lanu limamangidwa pa ntchito ya mnzanu. Mukatumiza kasitomala kwa wowotcherera amene walandira theka la ndalama n'kusowa milungu itatu, kasitomalayo amakwiyira inu. N'chifukwa chake kulowetsa munthu poti ndi mlamu kapena mumapemphera limodzi, musanaone ntchito yake, ndi kudziika pamoto. Nkhani ya kangachepe nayo muikambe poyera tsiku loyamba. Ena amagwirizana kuti wotumiza kasitomala azilandira kenakake, ena amati kubwezerana makasitomala n'kokwanira. Njira zonse ziwiri zimayenda, chimene chimapha gulu ndi kangachepe kobisa, kamene kamakweza mtengo kwa kasitomala mpaka iye kuzindikira kuti akudyeredwa. Ndiponso gwirizanani za chochita ngati membala waononga ntchito kawiri, chifukwa pa Chimalawi pathu kuuza munthu kuti achoke kumativuta, timangoyamba kumuzemba mpaka gulu lonse kufa.

Alipo amene sindingawalimbikitse kulowa gulu lodziwana lililonse. Wa okala, wometa, wogulitsa tchipisi, wa Airtel Money pa siteji: makasitomala awo amabwera chifukwa cha malo ndi chifukwa choti atsegula. Ola lililonse limene ali kumsonkhano ndi ndalama yopita kwa woyandikana naye. Iwowa ndalama ya umembala ndi bwino ilowe m'katundu, ndipo kudziwana kwawo kumakwanira kutchalitchi kapena kumzikiti, pamaliro a m'dera ndi pa zinkhoswe, kumene anthu amaona khalidwe la munthu popanda tikiti. Banki mkhonde kapena gulu looda pamodzi ndi zomwe zingawapindulire.

Kwa amene mukufunabe kulowa gulu lolipira, pemphani kaye kukakhala nawo ngati mlendo kamodzi kapena kawiri. Pa nthawi ya tiyi musafunse wapampando, funsani membala wamba amene bizinesi yake ikufanana kukula ndi yanu kuti ntchito yomaliza imene anaipeza kudzera m'gululo inali iti ndipo inali liti. Akayamba kufotokoza za maphunziro abwino ndi anthu ofunika amene anakumana nawo osatchula ntchito, mwamva kale yankho. Mukalowa, onjezani mzere umodzi m'buku lanu la malonda, ndipo kasitomala watsopano aliyense muzimufunsa kuti wakudziwani bwanji. Ikadzafika nthawi yolipiranso umembala, werengani maina a mumzere umenewo, muike pambali pa ndalama ya umembala, matikiti, thiransipoti ndi masiku amene munatseka shopu.