Sprocket ya pa crankshaft ya 1ZZ-FE: mmene ilili patatha miyezi ikugwira ntchito

Ndemanga ino ndi ya sprocket ya pa crankshaft (shafti yaikulu yozunguzidwa ndi mapisitoni), kagiya kakang'ono kamene kamakoka tcheni ya taimingi yozunguza ma camshaft otsegula ma valavu, pa injini ya Toyota 1ZZ-FE, ya 1.8 ija yopezeka mu Premio, Allion, Wish ndi ma Corolla ena. Inalowa limodzi ndi tcheni, tensioner (yolimbitsa tcheni) ndi ma guide onse awiri (amene tcheni imatsetserekapo), zonse zatsopano. Galimoto yayenda nayo kuyambira m'chilimwe mpaka mvula kutha, m'fumbi ndi m'matope momwe.

Sprocket ili bwinobwino. Mpata woiona unapezeka chifukwa oyilo anayamba kunyowetsa pakona pamene kava ya kutsogolo imakumana ndi head ndi block, choncho kava inachotsedwa. Mano onse ali ndi kamzere kowala kofanana pamene pamakhala ma roller a tcheni. Palibe dzino lopindika kapena losongoka. Poyeza, mumakulunga tcheni pa sprocket n'kuika vernier caliper yokhudza ma roller mbali zonse ziwiri. Toyota imati ikatsika pansi pa mamilimita 51.6 yatha ntchito, ndipo iyi idakali pamwamba pake. Tcheni nayo ikakokedwa ndi mphamvu ya 140 N, malinki 16 asapitirire mamilimita 122.6, ndipo sinafike pamenepo. Mapulasitiki a ma guide angodyeka pang'ono, kutali ndi milimita imodzi yomwe ndi malire ake.

Chimene chasunga sprocket imeneyi, m'kuona kwathu, ndi bawuti ya pulley, gudumu la lamba la kutsogolo kwa crankshaft. Amakaniko ambiri amaganiza kuti kiyi, kachitsulo kokhala mumpata wa pamphuno ya crankshaft, ndi amene amanyamula katundu yense. Ntchito ya kiyi ndi kuimika sprocket pamalo ake oyenera basi. Chogwira zenizeni ndi bawuti ija: imapanikiza pulley, kambale ka sensa ndi sprocket, zonse pamodzi, ku phewa la crankshaft, ndipo zikapanikizika mokwanira zimazungulira ngati chitsulo chimodzi. Pa injini iyi bawutiyo imamangidwa 138 N·m ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pulley itagwiridwa ndi chogwirira kuti isazungulire. Kumenya sipanala ndi hamala mpaka mkono utatopa sikukuuzani kuti mwafika pati.

Bawuti ikachepa mphamvu, tsiku loyamba simumva kalikonse. Vuto limakula mwakachetechete. Pisitoni iliyonse ikaphulitsa mafuta, sprocket imagwedezeka pang'ono kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumatafuna kiyi ndi mpata wake. Mukachotsa pulley mumapeza kafumbi kofiira ngati dothi la katondo pamphuno ya crankshaft ndi kumbuyo kwa pulley. Kafumbi kameneko ndi chitsulo chimene chakhala chikupekesana. Pofika apo taimingi imakhala yatsalira m'mbuyo, galimoto imafooka pachitunda, mafuta imamwa ambiri, ndipo pa magalimoto ena kompyuta imaonetsa P0016, nambala ya vuto yosonyeza kuti crankshaft ndi camshaft sizikugwirizana. Mpata wa kiyi ukakula pa crankshaft penipeni, nkhani yachoka pa kagiya kotchipa, yafika pa crankshaft yonse. Pa injini yathuyi mphuno inapezeka yoyera, kiyi ali nji, osasuntha ngakhale mutamukankha ndi chala.

Kuika kwake kunayenda motere, ndipo pamenepa mpofunika kufatsa. Mphuno ya crankshaft ipukutidwe, ipakidwe oyilo pang'ono. Kiyi ayang'ane m'mwamba, pisitoni yoyamba ili pamwamba penipeni, zizindikiro za ma sprocket a camshaft zili m'malo mwake. Tcheni imayamba yakoledwa pa sprocket isanalowe, linki yopakidwa utoto ikugwirizana ndi kadontho ka pa sprocket, ndipo kadonthoko kayang'ane kwa inu. Kenako mukankhe ndi manja, diso lili pa kiyi, chifukwa mpata ukaphonya pang'ono kiyi amatukuka kapena kukankhidwira kumbuyo. Ikalimba panjira, tengani paipi yolowa bwino pamphuno, ikhale pathupi la sprocket pakati, muzigogoda paipiyo pang'onopang'ono mpaka phokoso lisinthe, likhale lolimba. Ndiye kuti yafika paphewa. Hamala isakhudze mano ngakhale kamodzi. Dzino lomenyedwa silioneka ndi maso tsiku limenelo, koma limadya ma roller a tcheni yatsopano ulendo uliwonse.

Kambale ka sensa kamalowa sprocket italowa kale, kutsogolo kwake, chilembo F chikuyang'ana kunja. Kali ndi mano 34 ndi mpata umodzi waukulu umene kompyuta imawerengera malo a crankshaft. Mukakatembenuza, injini imavuta kulira kapena siilira n'komwe, ndipo kuti mukakonze mukuyenera kumasulanso kava yonse.

Tensioner imalowa pomaliza, ili yokoledwa ndi kambedza kake, manati ake 9 N·m. Zunguzani crankshaft pang'ono mobwerera kuti kambedza kamasuke, kenako kutsogolo, muone kuti yakankhadi guide. Mukatero zunguzani injini ndi manja kawiri kathunthu. Zizindikiro za ma sprocket a camshaft ndi kampata ka pa pulley pa chizindikiro cha 0 cha pa kava zibwerere m'malo. Malinki autoto aja sabwerera pamene munawaika, musadabwe nazo.

Za oyilo wodontha uja, vuto silinali la sprocket. Silikoni anachepa pakona, ndipo malowo ayenera kuti sanapukutidwe bwino. Kava imafunika ikhale pamalo pasanathe mphindi 3 mutapaka silikoni, ndipo injini idikire maola 2 isanathiridwe oyilo. Oil seal ya kutsogolo ndi O-ring ya tensioner zisinthidwe nthawi yomweyo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito yotsegulanso.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti kodi mungasiye sprocket yakale n'kusintha tcheni yokha. Ngati idakali pamwamba pa muyeso uja wa mamilimita 51.6 ndipo mano ake ndi ofanana mbali zonse, ingathe kubwerera. Koma ngati tcheni yakale inali itatamuka kale, mano amakhala atadyeka motsatira kutamukako, ndipo tcheni yatsopano siikhala bwino m'menemo. Imatha msanga, kaphokoso ka tcheni komveka poliza injini m'mawa n'kuyamba miyezi ingapo isanathe. Apa ife timasintha zonse pamodzi.

Pogula, musadalire bokosi. Ikani yatsopano pamwamba pa yakale, muwerenge mano, muyerekeze makulidwe, muone ngati kadontho kali pa dzino lomwelo kuchokera pampata wa kiyi. Muiyesenso pamphuno musanakole tcheni. Yolowa mopepuka n'kumagwedera pa kiyi, ibwezeni kumene mwaigula, chifukwa ngakhale bawuti yomangidwa bwino siingakonze taimingi ya sprocket yokhala ndi mpata waukulu.

Chotsala ndi oyilo. Tcheni ndi sprocket zimadalira oyilo yemweyo wa injini, ndipo tensioner imakankha ndi mphamvu yake. Galimoto yoyenda m'misewu yafumbi isinthidwe oyilo ndi fyuluta msanga, ndipo muziyang'ana dipstick pafupipafupi, pakuti ma 1ZZ-FE ambiri akale amamwa oyilo.