Buku ili landikumbutsa azakhali anga aku Chadiza

Anzanga okonda kuwerenga, buku lomwe ndikufuna kukuuzani lero ndinaligula kwa amalume ena amene amayala mabuku akale pasaka pafupi ndi Kapata Market ku Chipata, K60 chabe, ndipo ndalimaliza masiku atatu, usiku wina mpaka tambala woyamba ndikuwalitsa ndi tochi ya foni chifukwa malaiti anali atapita.

Nkhani yake ndi ya mayi wina wothawa nkhondo ya ku Mozambique, ija ya Renamo ndi Frelimo imene inayamba 1977 n'kudzatha 1992 atasainirana mtendere ku Rome. Mayiyu akufika ku kampu ya Ukwimi kumbali ya Petauke ali yekhayekha, mwamuna anaphedwa, mwana anamwalira kumsana ali m'njira. Kumeneko akumana ndi kalipentala wina, nayenso ali ndi zake, anagwidwa ali kamnyamata kuti azinyamula katundu wa asilikali m'tchire ndipo zimene anaona kumeneko sakamba ndi munthu.

Ine ndimaganiza kuti ndi zija za masiku onse, akondana basi mavuto atha. Ayi ndithu. Pali malo ena amene ndinatseka buku n'kuyamba ndakhala kaye phee. Mayi uja akuvundula nsima pambaula, tayala la njinga laphulika pamsewu, iye kutaya mthiko n'kulowa pansi pa tebulo akunjenjemera thupi lonse. Kalipentala sanamufunse kuti chavuta n'chiyani, sanamukoke dzanja, anangotola mthiko n'kuupukuta, kumaliza kuvundula nsima ija, kuomola, n'kukhala pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo kudikira mpaka mayiyo atatuluka yekha. Nsima inazizira koma anadya onse awiri pamenepo pansi. Wolemba uyu amawadziwa anthu oterewa, sikuti anangomva.

Ndikutero chifukwa azakhali anga anali kumudzi kufupi ndi malire ku Chadiza zaka za m'ma 80 kumapeto, nthawi imene a Renamo ankaoloka kudzaba chakudya ndi kugwira anthu mbali yathu ino. Mpaka manje amagona ndi kamtolo ka chitenje kumutu, mkati muli chitupa cha NRC, machesi ndi nsapato za pulasitiki. Pa New Year ana akayamba kuphulitsa zija iwo amadzitsekera m'nyumba dzuwa lisanalowe. Tili ana tinkawaseka, ena m'mudzi mpaka kumanena kuti awa ndi a ku Chainama, chipatala cha amisala cha ku Lusaka, ndipo powerenga bukuli manyazi anandigwira zoona, chifukwa azakhaliwo sanali amisala, ndi mtima umene unaona zinthu ndipo sunaiwale. Ife kuno munthu akalira maliro mwezi umodzi timayamba kumuuza kuti limba mtima, zapita zimenezo, kumangomufulumizitsa ngati kupola kwa mtima kuli ndi tsiku lake.

Chinanso chandisangalatsa, kalipentala uja sanamupange mngelo. Amamwa kachasu, tsiku lina akukalipira mayiyo popanda chifukwa kenako akusowa sabata yonse, ndipo amene akumuthandiza kuti ayambe kulankhula si mkaziyo koma nkhalamba ina ya kutchalitchi imene amakhoma nayo mabenchi.

Zolakwika zilipo. Kumapeto wolemba anathamanga maningi, anthu akubwerera kwawo nkhondo itatha, awiriwa asankha kutsala, ukwati, zonsezo m'mapeji khumi okha pomwe ine ndimafuna kuona mmene anagwirizanirana zotsala kuno manda a abale awo ali tsidya lija. Komanso kamatidwe ka bukuli n'kofooka, mapeji apakati anayamba kuthothoka tsiku lachiwiri mpaka ndinamata ndi selotepu. Ndipo lili m'Chingerezi, chosavuta inde, mwana wa Grade 9 atha kuwerenga, koma anthu amene nkhaniyi ndi yawo ambiri sangalitsegule, zimenezi zandiwawa. Amene munataya mwana kapena munaona zachiwawa, chaputala chachitatu muwerenge masana muli ndi munthu pafupi, n'cholemera.

Loweruka ndikwera basi ya ku Chadiza, bukuli lili kale m'chola. Ndikufuna ndikawamasulire azakhali malo a nsima aja m'Chinyanja tili awiri kukhitchini, ngati angalole, akakana ndikangowathandiza kusenda nshawa.